Zala Ziwiri M'kabokosi ka Machesi

Kumsasa wa kuphiri
9 Januwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wanga Kanyerere. Mawondo aja akukupatsaniko mpata? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwake n'kosayamba. Tikuboolabe phiri lija kuti mudzadutse msewu. Foni kuno sigwira, ntchito yake n'kuonera nthawi basi. Makalata amabwera ndi lole ya zakudya, ndiye mukaona ndachedwa kuyankha musati ndayamba kunyada.

Nkhani yanga ndi ya mwanayu. Chitulukireni m'chipatala ndi matenda oumitsa khosi aja, makutu ake sanabwerere. Mwandiuza nokha kuti m'kalasi mwa ana makumi asanu ndi atatu ankangokhala ndwii, kuyang'ana pakamwa pa aphunzitsi. Mayeso walephera, anzake akumuseka, kuyankhula wasiya. Munachita bwino kumupumitsa kaye. Koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sangamangokhala pakhomo chaka chonse.

Ndafufuza, ndipo ndapeza sukulu yogonera komweko ya ana a vuto la kumva. Ili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ana amabwera kunyumba kawiri pachaka. Malo alipo, teremu ikuyamba pa 27 Epulo. Fomu ili ndi ine, kwangotsala kusaina. Ndikudziwa kuti chimwalirireni mayi ake mwamulera ndinu, ndipo kumuchotsa m'nyumba mwanu kukupwetekani. Koma ganizirani za mawa lake.

Pakadali pano ndatumiza buku la mbiri yakale, popeza phunziro limeneli ndi limene anagwa nalo chagada. Aziwerenga masamba asanu patsiku, inu muzimufunsa madeti.

Mundiuze zonse. Akudya bwino? Amasekako? Amandifunsa?

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kanyerere


Kunyumba
30 Januwale

Iwe mlongo wanga,

Moni wako talandira, nafe tili bwino. Za mawondo usafunse, ndikamadzuka pampando oyandikana nawo nyumba amadziwa. Buku lako lafikanso, chibuku chonenepa ngati mtsamiro, ndipo ntchito ya mtsamiro yomweyo ndi imene lagwira. Tsiku loyamba ndinamukhazika mwana patebulo la kukhitchini. Tsamba lachiwiri lisanathe, mutu uli pabuku, tulo. Ndinati ndiwerenge ndekha kuti achite manyazi. Ndinadzidzimuka madzi atauma m'ketulo.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachisanu ndi chimodzi, madeti sindiwatha. Koma zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala kondakitala m'mabasi a mumzinda muno, ndipo palibe msewu umene sukundidziwa. Ndinamuveka nsapato, ndinatenga kope limene timalemberanamo tikafuna kucheza, ulendo.

Kutsogolo kwa positi ofesi yakale pali chivundikiro chachitsulo cha ngalande. Ndachiponda moyo wanga wonse. Tsiku limenelo ndinaona kuti pali tizilembo tofufutika. Tinagwada pamsewu, anthu akutilambalala, wina mpaka ananena kuti mayi awa mutu wawayamba. Kanyerere anayala pepala pachitsulo n'kumatikita ndi pensulo chogonetsa. Iwe, zilembo zinayamba kutuluka papepala chimodzichimodzi, kenako chaka. Chitsulo chimenecho chili ndi zaka makumi asanu ndi anayi! Mwana anandilanda kope n'kulemba kuti, "Anachinyamula ndani kudzachiika pano?" Sindinaganizepo kuti panali munthu, wa msana wake ndi njala yake, amene anachinyamula.

Loweruka tinakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Pamwamba tinapeza mapulasitiki ndi zitsekerero za mabotolo. Titafika m'mawondo, mbale yosweka ya maluwa obiriwira. Pansi pake phulusa ndi kiyi wadzimbiri. Titafika m'chiuno, phale la mphika wadothi, m'mphepete mwake muli timizere todinda ndi chikhadabo. Mwana anazitsuka zonse ndi mswachi wakale n'kuzindandalika m'khonde, zapamwamba kuchitseko, zapansi kumapeto. Ndinaima pamenepo ndikuziyang'ana. Pamalo pamene ndimayanika zovala panakhala anthu ife tisanabwere, ndipo iwowo anapezanso ena atachoka. Mayi wa chikhadabo uja ankaphika pomwe pano, ndipo palibe amene akudziwa dzina lake.

Akudya, inde, mpaka kupempha zowonjezera. Kuyankhula ayi, sanayambe. Amakufunsa m'kope pafupifupi tsiku lililonse.

Tsopano tamvera. Fomuyo usasaine. Ndakambirana ndi aphunzitsi aakulu a kusukulu kwake, avomera kuti akakonzeka adzalembe mayeso ndi anzake mu Juni, ndipo akakhoza azidzakhala kutsogolo penipeni. Mwanayu anataya mayi, wataya makutu, tsopano ataye ndi nyumba yomwe? Ndipatse mpata ndiyese.

Ndine mchemwali wako


Kumsasa wa kuphiri
20 Febuluwale

Achemwali,

Moni nonse awiri. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaseka mpaka mnzanga wogona bedi lapamwamba anasuzumira n'kufunsa ngati ndapeza banja. Mwakumba dzenje lofika m'chiuno kuseri kwa nyumba ya eni! Mwini nyumba akudziwa? Nanga mawondo aja anatuluka bwanji m'dzenjemo?

Ndasangalala kuti akudya. Koma tiyeni tinene zoona. Pamayeso safunsa zivundikiro za ngalande. Amafunsa mafumu, nkhondo ndi zaka zake. Ine kulemba ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, kusukulu ya akuluakulu, ndipo ndikudziwa mmene munthu wopanda pepala amaimira panja anzake akulowa. Kuno amene ali ndi mapepala amakhala m'kaofesi kofunda, ife tili m'kati mwa phiri madzi akutidonthera m'khosi. Sindikufuna mwana wanga adzadye za manja ngati ine.

Komabe ndamva pempho lanu. Fomu sindinasaine, ili pansi pa matiresi. Ndikupatsani mpaka kumapeto kwa Malichi, kenako tidzaone. Chonde buku lisachite fumbi.

Ndifunseko chimodzi, musandiseke. Phale la mphika lija, timizereto tikuoneka bwinobwino? Ndadzipeza ndikuliganizira ndili pantchito.

Mlongo wanu


Kunyumba
9 Malichi

Mlongo wanga, moni!

Khala pansi kaye usanawerenge, ngati waimirira.

Ukuikumbukira nsanja ya wotchi ya kusiteshoni yakale ya sitima? Mkulu wokonza mawotchi amene amaipukusa sabata iliyonse ndimadziwana naye, ankakwera basi yanga m'mawa uliwonse. Ndinamupempha, anatilola kukwera naye Lachinayi lapitali. Masitepe makumi asanu ndi anayi kudza anayi! Ndinawawerenga onse, lililonse ndi pemphero lake.

Kumwambako kuli kachipinda ka fungo la oyilo ndi ndowe za nkhunda. Pakati pali makina, magudumu a mano akuluakulu akuzungulirana pang'onopang'ono, osapuma, kuyambira agogo athu asanabadwe. Mkulu uja anamupatsa Kanyerere chogwirira kuti apukuse yekha. Anapukusa mpaka thukuta kamukamu. Kenako anationetsa mtanda wa denga pamene aliyense wosamala wotchiyo anazokota dzina lake ndi chaka chimene anayamba. Mayina asanu ndi awiri okha, iye ndiye wotsiriza. Mwana anawakopera onse. Titafika kunyumba anatsegula yekha chibuku chako chija, popanda womutuma, kufufuza kuti pa nthawi ya munthu aliyense kunja kunkachitika zotani. Wapeza kuti wachitatu uja ankakwera masitepe amenewo nkhondo ili m'kati, njala ili m'kati, iye osaphonya sabata. Madeti aja tsopano akumugwira, chifukwa ali ndi eni ake.

Koma nkhani si imeneyo. Itatsala pang'ono kukwana thwelofu koloko, mkulu uja anatenga manja a mwana n'kuwaika pamtengo umene belu lapachikidwapo, n'kumuuza ndi zizindikiro kuti atsamirepo chipumi. Ine ndinatseka makutu. Belu linagunda. Pansi ponse pananjenjemera, nkhunda zili balala. Ndinayang'ana mwana, maso ali tong'o, pakamwa pali pululu. Linagunda kachiwiri, kachitatu. Ndiye anatembenuka n'kukuwa ndi mawu ake enieni, mawu amene sindinawamve miyezi isanu ndi iwiri:

"Azakhali, ndikulimva! Lili m'mano mwanga!"

Anawerenga mokweza mpaka khumi ndi ziwiri. Ine ndinangokhala pansi pa ndowe za nkhunda zomwezo n'kuyamba kulira, chitenje chonse kuda. Mkulu wa mawotchi anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji masitepe aja. Chiyambire tsiku limenelo akumayankhula pang'onopang'ono, mokweza kwambiri nthawi zina, koma ndani angamuletse?

Phale lija timizere tikuoneka bwino, tilipo khumi ndi tinayi. Mwini nyumba anabwera kudzakalipa, anathera kugwira tochi.

Pobwerera tinadutsa kusukulu kwake. Akugwetsa buloko yakale ija, yang'aluka. Mwana watolako zinazake kumeneko ndipo zatipatsa phunziro la sabata ino. Ndidzakuuza tikamaliza.

Mchemwali wako


Kumsasa wa kuphiri
16 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu ya mwezi uno sinafike, koma nkhani zafika.

Mnzanga wowotcherera zitsulo, wa kwathu konko, wabwera dzulo kuchokera kutchuthi. Akuti Lachitatu anadutsa pauvuni wa njerwa wa kuseri kwa msika, ndipo anaona mwana wanga ali m'dzenje la matope mpaka m'mawondo, akuponda dothi. Akuti kenako anamuona atanyamula chikombole, akupepesuka nacho, inu mutakhala pamthunzi mukucheza ndi eni uvuni. Ndinamufunsa katatu ngati anaona bwino. Akuti anakupatsani moni ndipo munayankha.

Achemwali, ndimakulemekezani, koma apa mwandilasa pamtima. Mwa zinthu zonse za padziko, njerwa? Mwaiwala? Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kalasi yachiwiri, pamene ababa anabwera kudzanditulutsa chifukwa anapeza ntchito youmba njerwa za sukulu yatsopano. Anati ndi miyezi itatu yokha. Sindinabwererenso. Ndinkatembenuza njerwa padzuwa, manja atang'ambika, ana anzanga akudutsa ndi mabuku kukhwapa. Sukuluyo inakwera ndikuiona, ndipo amene analowamo ndi ena. Zaka zimenezo zinangotayika, palibe chimene ndinatsala nacho.

Tsiku limene tinaika mayi ake a Kanyerere ndinalumbira mumtima kuti mwana wanga sadzaponda dothi la njerwa. Ndabwera kuno kuphiri, kuzizira konseku, chifukwa cha lumbiro limenelo. Inu mwandilembera za mapale ndi zivundikiro, za uvuni osatchula. Ngati munaona kuti mwana wosamva sukulu yamukanika, ndiye aphunzire ntchito ya manja, mukanandiuza poyera.

Fomu ndasaina, ikupita ndi lole yomweyi. Pa 27 Epulo mukamusiye kusukulu ija. Apa sindikupempha.

Bambo a Kanyerere


Kunyumba
5 Epulo

Bambo a Kanyerere,

Tili moyo, ngati mukufuna kudziwa. Ndikhulupirira inunso muli bwino, pamodzi ndi mnzanu wa maso akuthwa uja.

Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira, ndipo ndinapsa mtima mpaka ndinatsuka mbale zotsuka kale. Ukundifunsa ine ngati ndaiwala? Amene ankatunga madzi a matope amenewo anali ndani? Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndowa pamutu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khosi ili likundikumbutsabe. Sukulu inatithera chaka chimodzi tonse awiri. Ndiye usandiphunzitse za matope, mwana iwe, ndinkakuchotsa minga kumapazi ndine.

Mwana wako sindinamulembetse ntchito. Anaumba njerwa zisanu ndi imodzi, tsiku limodzi, chifukwa anafuna yekha kudziwa. Chifukwa chake akufotokozera yekha m'kalata yake. Koma pamodzi pokha ndavomera kulakwa: ndinakubisira. Ndinkadziwa kuti liwu loti njerwa likupweteka, ndiye ndinati ndidzakuuze zonse zikatha. Ndinachedwa, mnzako anandipitirira.

Mwana ndi wako. Sindikuba mwana wa munthu. Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, ndasokerera dzina lake m'zovala zonse, ndafunsa za basi. Imanyamuka sikisi koloko m'mawa. Ndinamulembera m'kope kuti bambo ako alamula. Anawerenga, anatseka kope, anapita kukakhala m'khonde pakati pa zinthu zake zokumba zija mpaka nthawi ya chakudya. Sanalire. Ndikanakonda akanalira. M'mawa mwake anandipempha kandulo ndi kabokosi ka machesi kopanda kanthu.

Ndikuuze zoona, popeza ndife awiri okha otsala. Ndikuchita mantha. Ndikuopa kuti mawu amene angobwerawa akabwereranso m'kati pakati pa anthu achilendo. Ndikuopanso nyumba ino ikadzati zii. Ine sindinabereke, ukudziwa, ndipo miyezi itatu imeneyi ndaphunzira zambiri kuposa zaka zanga zonse za m'basi. Mwina sukulu yakoyo ndi yabwino, sindikudziwa. Koma kumutumiza chifukwa cha mkwiyo wa pa ababa athu amene anagona kalekale, chimenecho ndiye chikundiwawa.

Kalata yake ili m'envulopu yomweyi pamodzi ndi kaphukusi. Sindinamuuze cholemba. Ndikudziwa kuti yankho lako silingatipeze tisananyamuke, ndiye pa 27 tikwera basi.

Mchemwali wako, ngakhale wandinyoza


Kunyumba
5 Epulo

Ababa,

Moni. Ine ndili bwino. Inu muli bwanji kuphiriko? Azakhali akuti ndikupita pa 27. Ndipita, sindikana. Koma landirani kaye ntchito yanga, chifukwa kuno tikamaliza phunziro timaonetsa munthu.

Akugwetsa buloko yakale ya kusukulu kwathu. Ndinaona kuti njerwa zili ndi zizindikiro kumbali imene imabisika m'khoma. Zina mtanda, zina mzere, zina bwalo, zina timaenje tiwiri pakona. Ogwetsa anandilola kuzisanja m'milu. Mulu wa timaenje tiwiri unali waukulu kuposa yonse. Ndinafunsa azakhali tanthauzo lake. Iwo anakhala pansi mwadzidzidzi n'kulemba kuti tikafunse kuuvuni.

Mkulu wa pauvuni ndi wokalamba kwambiri. Ankayankhula, azakhali akulemba. Akuti kale mabanja ambiri ankaotchera njerwa mu uvuni umodzi, ndiye banja lililonse linkadinda chizindikiro chake njerwa ikadali yaiwisi kuti zisasokonekere. Anati sindingamvetse ndisanaumbe ndekha. Ndinaponda dothi, ndinanyamula chikombole. Ababa, n'cholemera! Ndinaumba zisanu ndi imodzi, msana unandiwawa masiku awiri. Ndilo tsiku limene anandiona anzanu aja.

Kenako ndinamuonetsa njerwa ya timaenje tiwiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anati chimenechi chinali chizindikiro cha bambo wina wamtali amene ankabwera ndi ana awiri, mtsikana wotunga madzi ndi kamnyamata kodinda zala. Ndinayang'ana azakhali. Iwo ankayang'ana kumwamba, misozi ikutsika.

Ndinaika zala zanga m'timaenjemo. Sizinalowe. Ndinaganiza kuti mwina njerwa imafota pamoto, ndiye ndinayesa. Ndinadinda zala zanga panjerwa zanga, ndinadikira aziotche. Zatuluka sabata yatha. Zafota pang'ono chabe, zala zanga zikulowabe. Ndiye kuti zala zanu zinali zazing'ono kuposa zanga.

Ndakhala m'kalasi za buloko imeneyo zaka zisanu. Malo anga anali kukhoma. Pamene ndinasiya kumva ndinkatsamira khomalo tsiku lonse. Sindinkadziwa kuti muli m'katimo.

Ndinasungunula kandulo n'kuthira m'timaenje ta njerwa imodzi. Phula litauma ndinalichotsa bwinobwino. M'kabokosi ka machesimo muli zala zanu. Musafinye, zingathyoke.

M'buku munanditumizira lija muli amene analamula kuti sukulu zimangidwe, koma oumba mulibe. Ndiye ndikulemba ndekha m'kope, ndipo ndili ndi mafunso atatu. Munkadinda njerwa zingati patsiku? Munkalira? Sukuluyo itatha, munalowamo?

Ndine mwana wanu,
Kanyerere


Patauni ya m'munsi mwa phiri
26 Epulo

Mwana wanga Kanyerere,

Moni, mphunzitsi wanga. Zimene ndinkanena pafoni m'mawa uno sunazimve, ndiye ndakhala pakhonde la sitolo kuti ndizilembe.

Lole inachedwa chifukwa cha matope, ndipo makalata onse atatu anafika pamodzi Lachisanu, ya belu ija, ya azakhali ako okwiya, ndi yako. Inali nthawi ya nkhomaliro. Ndinawerenga ya belu chakudya chikuzizira. Nditafika pa yako ndinatsegula kabokosi pomwepo patebulo.

Mwana wanga, sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Tinsonga tiwiri ta zala, toyera, tating'ono ngati nyemba, kena kopendekera pang'ono. Ndinatiika pachikhatho changa chokakalachi, pafupi ndi zala zanga za lero. Ine ndimakumbukira kutopa ndi mkwiyo, koma sindinkadziwa kuti ndinali wamng'ono chonchi. Mnzanga wa bedi lapamwamba anafunsa kuti n'chiyani. Ndinangomupatsa kalata yako. Anawerenga mokweza. Kabokosi kanayenda dzanja ndi dzanja tebulo lonse, amuna oboola phiri akukagwira ndi manja awiri. Wowotcherera zitsulo uja atakalandira anatuluka panja.

Ndinawerenga masiku ndipo ndinaona kuti kalata singakupeze. Ndinapempha kapitawo, ndinakwera lole yomweyo pobwerera, maola asanu ndi anayi pamwamba pa matumba opanda kanthu. Foni yagwira lero m'mawa. Azakhali ako anayamba ndi kundikalipira, ndipo ndinawasiya amalize chifukwa ndinayenera. Ndawapepesa, koma ukawapepesenso m'malo mwanga. Nditawauza zimene ndinaimbira, ndinamva phokoso, kenako mawu ako. Unawalanda foni.

Unayankhula osapuma. Za dothi labwino ndi loipa, za uvuni, za mkulu wa mawotchi, za munthu wachitatu wa pamtanda uja. Ine ndinkakuwa kukuyankha, anthu apasitolo akundiyang'ana ngati wamisala, iwe osamva kanthu, kumangopitiriza. Kenako ndinasiya kukuwa n'kumangomvetsera mpaka foni inaduka. Papita chaka ndisanamve mawu ako. Akula.

Mayankho ako ndi awa, ulembe m'kope. Patsiku labwino ndinkadinda mazana atatu. Kulira ndinkalira, kuseri kwa mulu wa nkhuni, ndipo azakhali ako ankandipukuta ndi m'mphepete mwa diresi kuti agogo ako asaone. Kulowamo ndinalowamo kamodzi kokha, tsiku limene ndinakaperekeza iwe kukayamba kalasi yoyamba. Manja ndinawaika m'matumba kuti ndisakhudze khoma. Ndinkadana nayo nyumba imeneyo. Sindinaganizepo kuti yasunga ana zaka makumi atatu, mvula osawanyowetsa, ndiponso kuti wanga yemwe adzaitsamira. Ndinauza azakhali ako kuti zaka zija zinatayika. Ndinanama mosadziwa.

Tsopano zimene ndinaimbira. Sukupita. Ndinasaina fomu ija ndi mkwiyo wa zinthu zimene iwe sunalakwe. Pitiriza ndi azakhali ako, ulembe mayeso mu Juni. Ndikadzabwera mu Ogasiti tidzapita tonse atatu kukaiona sukulu ija ndi maso, monga mmene mumachitira inu, ndipo iwe udzanena maganizo ako tisanagamule chilichonse. Upemphe ogwetsa aja akupatse njerwa imodzi yosasweka, undisungire. Ndikufuna ndidzaigwire.

Mawa ndi pa 27. Ndidzakhala pa lole kubwerera kuphiri, kabokosi kali m'thumba la pachifuwa. Ikamadzakwana sikisi koloko ndidzayang'ana nthawi, podziwa kuti basi ija ikunyamuka, iwe uli m'tulo m'nyumba mwa azakhali ako.

Ndine bambo ako